Madzi a mu mgolo wa asekuru Mhango

Ndikakumbukira asekuru Mhango, chimayamba kundifikira ndi fungo la chitsulo chotentha chikamathiridwa madzi oyera ngati mkaka, kenako kung'ung'udza kwa makina awo osemera zitsulo, amene ankayamba kulira ife tisanamwe n'komwe tiyi. Sanali agogo anga enieni. Ife tinachoka ku Dedza bambo atawatumiza kukaphunzitsa ku Mzimba boma, ndipo nyumba yathu inagundana mpanda ndi ya mkuluyu, amene anapuma ntchito yokonza makina ochekera matabwa ku Chikangawa.

Madzi oyerawo ndiwo ankaziziritsa mpeni wa makina, ndipo ankawasakaniza okha. Ankagula mafuta osungunuka m'madzi, n'kumawadontheza pang'onopang'ono m'ndowa uku akutakasa ndi kamtengo. Mafuta ndiwo amapita m'madzi, osati madzi m'mafuta. Ukatembenuza ankakuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi. Mafuta akachepa, chitsulo chimachita dzimbiri, akachuluka manja amayabwa. Koma chimene ankasamala koposa ndi madziwo. A pamjigo wathu anali amchere, oti sopo sachita thovu, choncho asekuru ankatchera madzi amvula mu mgolo n'kuvundikira ndi lata. Akazi awo, aNyaJere, ankaseka kuti mgolowo ndi mkazi mnzawo, iwo saukhudza.

Ine ndiye ndinaukhudza. Ndinali Sitandade 6, mwezi wa Okutobala, mgolo utatsala pang'ono kuuma. Anandisankha kuimba kutsogolo kwa kwaya Lamlungu, koma bulauzi wanga woyera anali atafiira ndi madzi a pamjigo aja. Asekuru atapita kumaliro ndinatunga ndowa ziwiri n'kuchapira, kenako n'kubwezeramo ziwiri za pamjigo kuti asazindikire. Nzeru za mwana! Ndinkati madzi ndi madzi basi.

Lolemba kunabwera bambo wina wa chigayo wa ku Manyamula, atamangirira panjinga shafiti, chitsulo chozungulitsa chigayocho. Chigayo chinali chitaima sabata yathunthu, azimayi akusinja pamtondo. Anzake anali atamuuza kuti apite ku Mzuzu chifukwa mkuluyu maso anatha, koma iye anati ayesebe. Asekuru ankadziwa zimene anthu ankanena, ndipo ntchito imeneyi anaigwira ngati mayeso.

Nditaweruka kusukulu ndinamva makina akulira mopyapyala, ngati akumva kuwawa. Ndinasuzumira pampanda. Mafuta anali atalekana ndi madzi, akuyandama zibuma ngati chambiko. Tsiku lotsatira masana mwini chigayo anapeza shafiti yokhakhala, ili ndi madontho a dzimbiri. Analankhula mokweza, pamaso pa anthu odikira kuwotcheretsa makasu, kuti anzake sananame. Ine ndinali kuseri kwa mpanda, ndikudikira kuti afunse amene anakhudza mgolo.

Asekuru anangovula magalasi, n'kupukuta ndi malaya. "Mbwenu mwanena zoona, dada," anatero. "N'kukalamba."

Shafiti inapita ku Mzuzu, ena n'kutsatira komweko. Makina aja anayamba kutha masiku osalira, ndipo chete ameneyo ankandipweteka kuposa chikwapu. Ndinapirira sabata ziwiri, chakudya chosalowa, mpaka ndinapita ndekha. Ndinawapeza akupaka girizi makina opanda ntchito. Ndinagwada n'kuulula zonse, mamina ndi misozi osadziwika.

Sanadabwe n'komwe. Anati madziwo analawa tsiku lomwelo, ndipo aNyaJere anandiona ndikutunga. Ndinawafunsa chifukwa chimene sananditchulire.

"Mwana wane, dzina langa lagwira kale ntchito yake," anatero. "Lako likuyamba kumene. Ndikanalitchula pagulu lija, bwenzi ukutchedwa wakuba mpaka kukwatiwa."

Sikuti anandisiya chomwecho ayi. Mvula itayamba ndinakwecha mgolo uja ndi mchenga mpaka manja kusupuka, iwo atakhala pampando akuloza pamene ndasiya. Koma bambo wa ku Manyamula sanabwerenso, ndipo asekuru anamwalira anthu akunenabe kuti maso anawathera, chikhalirecho ndiwo ankawalowetsera aNyaJere ulusi pasingano.

Lero ndine mphunzitsi wamkulu. Mwana akalakwa, anzanga amafuna ndimuimike kutsogolo pa asembule, ine n'kumuitanira mu ofesi yekha, chitseko chotseka, chilango n'kumupatsa komweko. Amati ndine wofewa mtima. Sadziwa kuti dzina limene amandiitanirali lilipo chifukwa munthu wina anataya lake.