Mayi Otilia Sanali Kandulo

Mayi Otilia Chimbalanga anabadwira ku Ntcheu, ndipo sukulu anailekeza mu Sitandade 5 bambo awo atamwalira. Chimene anatuluka nacho ndi ndakatulo zoloweza, zija ana amalakatula ataimirira: mayi ali ngati kandulo, mtsikana wabwino ali ngati duwa. Ali mwana ankazikonda. Atakula anayamba kuzikayikira.

Amuna awo atawasiya ndi ana awiri, anabwera ku Cape Town kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Kommetjie. Misa sankajomba. Loweruka, anzawo akusankha zovala ku Wynberg, iwo ankazungulira ku Masiphumelele ndi beseni, sopo ndi kolona, kusambitsa odwala amene abale awo ali kumudzi. Zaka zomaliza ankasamala makamaka Ellina, mtsikana wa ku Mulanje amene anafa ziwalo atagundidwa ndi galimoto. Ankamutembenuza, kumutsuka zilonda, kumuchapira zofunda akadziipitsira.

Nanga mpingo uno unawathandiza bwanji? Unkawalakatulira. Pa tsiku la amayi, a Wadson, wapampando wa mphakati, ankaimirira atamanga tayi: Mayi Otilia ali ngati kandulo yosungunuka powunikira ena. Anthu m'manja phuphuphu. Beseni lija palibe analikhudza.

"A Wadson," mayiwo anawaitana tsiku lina pakhomo la tchalitchi, "kandulo ilibe msana. Ine wangawu ukupweteka. Bwerani Loweruka mudzandinyamulire Ellina."

"Imeneyo ndi mphatso yanu, mayi. Ife sitinapatsidwe."

"Mphatso yake iti? Manja awiri muli nawo. Kapena amangotha kugwira pepala?"

Ankakonda kunena kuti munthu akakufanizira ndi kandulo, ndiye kuti wakonzeka kukuonerera ukutha.

Matenda atawagoneka, analandira masakramenti mtima uli m'malo, koma nkhani ya Ellina inkawasowetsa tulo. A mphakati anabwera kudzawaona, a Wadson ali ndi ndakatulo yatsopano m'manja.

"Pindani pepalalo," anatero mayiwo. "Chigonereni ine pano Ellina sanasambe. Akamusambitse ndani?"

Onse maso pansi. Pomaliza Cecilia, mayi wa ana atatu amene amatsuka mbale mu lesitilanti, anayankha: "Ndipita ine, amayi."

"Osati kamodzi."

"Loweruka lililonse."

"Beseni lili pansi pa bedi. Uzisamala phewa lamanzere, limamupweteka. Akakutukwana usamuyankhe, ndi manyazi chabe."

Atatero anapempha kolona yawo, n'kutembenukira kukhoma. Anamwalira Lamulungu masana, mwakachetechete, ngati munthu wotopa amene waloledwa kugona. Fanizo lokhalo mwina akanalivomera.

Pa Misa yotsanzikana, thupi lisananyamuke kupita ku Ntcheu, a Wadson analakatulabe za kandulo ija, anthu n'kuwomba m'manja. Cecilia sanaimve ndakatuloyo. Linali Loweruka, anali kwa Ellina.