Dzenje la Mayi Darlene

Mayi Darlene Kowalchuk akalambira paphiri lino. Ali mtsikana ankatsetsereka m'zigwa zoopsa kuseri kwa chingwe cha malire a malo otsetserekerapo alendo, kumene chipale chofewa sichipondedwa, kukapulumutsa alendo okwiriridwa ndi chigumukire cha chipale. Pano maondo adawakana, ndipo ntchito yomwe idawatsalira m'gulu la opulumutsa ndi yokwiriridwa dala.

M'mawa uliwonse Travis, wophunzitsa agalu, amawakumbira dzenje m'chipale.

"Manda anu takumba kale, mayi. Lowani."

"Wakumba bwino koma? Dzulo unandipanikiza ngati nsomba ya m'chitini."

Amagona m'menemo atafumbata kachiguduli, Travis n'kutseka pamwamba. Galu akanunkhiza n'kuwafukula, lamulo ndi limodzi: wopezekayo asewere naye, akokane naye kachiguduli, amuyamikire mokweza, kuti galuyo adziwe kuti kupeza munthu n'chinthu chokoma.

Palibe amasewera ngati Mayi Darlene. Amagubuduzika ndi galu mpaka kubanika, Travis kuchita kuwaletsa.

"Basi mayi, mumusasatitsa galuyu."

Iwo amangopitiriza kusewera naye. Chaka chomwe chigumukire chidatenga amuna awo, a Wendell, galu adawapeza ndithu, koma mochedwa. Anthu ali kalikiliki ndi mafosholo, Mayi Darlene adaona galuyo atakhala pambali pa mtembo, akugwedeza mchira, kudikira kuti munthu wake adzuke asewere naye.