Dzina la Amayi M'kope la Amalume

Kope la amalume linali lachikuto chofiira, lonunkha fodya ndi palafini. Ankalikulunga m'thumba lakale la fetereza n'kulisomeka kudenga la chigafa, momwe tinkayanika fodya. Tinali matenanti pa esiteti ina chakufupi ndi Santhe, ine ndili mtsikana wa Sitandade 4. "Maso akowa adzakupweteketsa," ankatero amayi. Sananame.

Tsiku lina onse ali kothyola fodya, ndinakwera pamtondo n'kulitsitsa. Amalume analembamo za nkhondo ya kwathu ku Mozambiki, masiku amene asilikali a mbali ziwiri ankalimbirana mlatho wa pafupi ndi mudzi wawo. Anthu anabisala m'khwawa, akutafuna chinangwa chosaphika, kumwa madzi ofinya m'matope. Amalumewo anathawa atabereka mlongo wawo wamng'ono, masiku atatu mpaka kumalire. Ine ndinkangofuna kudziwa ngati mfuti imalira ngati bingu. Zoti mlongoyo ndi amayi anga sizinandifike n'komwe m'mutu. Ha, ubwana!

Kumapeto kunali mndandanda wa mayina, masamba awiri odzaza. Zaka zimenezo mndandanda uliwonse unkatanthauza chinthu chimodzi, makuponi a fetereza wotsika mtengo. Ife obwera sitinkalembedwa, ndipo chimanga cha amayi kuseri kwa nyumba chinali chachikasu. Ndinati eya, nawu mwayi. Ndinalemba dzina lawo pansi penipeni, mosamala monga ankafunira aphunzitsi.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, amalume anakhala pamthunzi wa chigafa ndi kope lija, chala chikutsika pamayina aja, akuwawerenga monong'ona. Chalacho chinaima.

"Walemba apa ndani?"

"Ine. Kuti amayi alandireko kuponi."

Sanandimenye, ndipo mpaka lero ndimati bola akanandimenya. Anaitana amayi, n'kuwagwira pamkono mwamphamvu, ngati wina akufuna kuwalanda.

"Onsewa anatsala m'khwawa muja," anatero amalume. "Uyu ndinamubereka masiku atatu kuti asalowe patsamba ili."

Anatenga lezala n'kupala dzinalo pang'onopang'ono mpaka pepala linabooka. Amayi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinapita kuseri kwa nyumba, pachimanga chachikasu chija, nditatupa ndi mkwiyo. Ndinkangoona kuti anthu onse aja alembedwa, koma amalume afufuta amayi anga okha.