Maso Anga Anali pa Wendy

Anzanga, Macfussy ndinakumana naye pamzere woyezetsa COVID ku Bin Mahmoud, kuno ku Qatar. Mask ili kukamwa, koma maso okhawo... ine Tawina ndinagwa nawo.

"Achemwali, Chichewa chimenecho ndi cha ku Zomba?"

"Cha ku Ntcheu. Imani uko, social distance!"

Nambala ndinamupatsabe.

Nthawi imeneyo anali mlonda. Lamulo litalola kusintha ntchito popanda kalata ya bwana, analowa kampani ya boti lotengera anthu ku diving. Anaphunzira kulowa pansi pa nyanja atabereka botolo la mpweya. Kumeneko munthu salowa yekha, amakhala ndi buddy, mnzake woti aziyang'anirana. Buddy wake anali Wendy wa ku Chipata.

Wendy wakuti, Wendy wakuti. Pa status, Wendy atamugwira dzanja. Mtima unkandiwawa, sindibisa.

"Ma buddy aamuna anatha ku Qatar kuno?"

"Ndi ntchito, Tawina. Khalas, yatha basi."

Nsanje inandilembetsa course ya diving. Ma off anga onse a kuhotela komwe ndimagwira ntchito anathera m'madzi.

Mu January tinapita kukaona sitima yomira. Madzi ozizira ngati a mufiriji.

"Lero buddy wanga ndiwe," anatero Macfussy. "Maso pa ine. Yalla, tiye!"

Pansipo sitima ili gone cham'mbali, dzimbiri lokhalokha, maukonde akale ali lendelende. Koma ine ndinali nazo ntchito? Ndinkalondola Wendy, kuti ndione ngati atembenukire kwa mwamuna wanga.

Anatembenukadi! Anandidutsa mwaliwiro, mpeni uli m'manja. Nditacheuka, Macfussy ali kumbuyo uko, botolo lake litakodwa muukonde, akuphiriphitha. Wendy anadula ukondewo, n'kumupatsako mpweya wake mpaka pamwamba.

M'boti Macfussy anakhala pansi atafunda thaulo, akunjenjemera.

"Ndinagogoda botolo kukuitana, Tawina. Mpweya unali pafupi kutha. Sunacheuke."

"Pepa... ndimayang'ana..."

"Ndikudziwa amene umamuyang'ana."

Mawa lake message inabwera: "Tisiyane bwinobwino."

Ndinalira, kenako ndinayamba kudikira. Ndinkafuna ndimve kuti ali ndi Wendy, ndizinena kuti mwaona, ndinkanena ine. Papita chaka tsopano. Wendy anakwatiwa ndi mnyamata wakwawo. Macfussy adakali yekha, ndipo tikakumana mu metro amandipatsa moni wa "muli bwanji".

Anzanga, chondipweteka n'chakuti palibe anandilanda mwamuna. Ndinamusiya ndekha muukonde.