Kachipangizo ka Wailesi ya Bambo Aakulu

Ndinanyamuka pa Nchalo m'mamawa wa Ogasiti, mphepo yafumbi itayamba kale zake. M'chikwama munali zida zanga zokonzera mawailesi, koma katundu weniweni anali m'kachitini: kachipangizo kakuda, kamiyendo yambiri ngati bongololo, kokulungidwa m'pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Kanali ka wailesi ya bambo anga aakulu, a Zuze, kwa Nyachikadza. Iwo saona. Chimwalirire mayi aakulu, wailesiyo ndiyo inkawachezetsa. Itazima, alongo anga a Fineti, amene amawasamala, anandiimbira kuti nkhalamba yasiya kuyankhula ndipo chakudya ikungonyomola pamwamba.

Tizipangizo totere timafa ndi zosaoneka. Timagetsi tija timathetheka ukamavula juzi mumdima n'tokwanira kukapsereza m'kati, kunja kakuoneka kabwinobwino. Kachipangizo koyamba ndinakatumiza kwa mnzanga wokonza mawailesi kumeneko, koma wopititsayo anakavundukula m'njira kuti akaone, n'kukaponya m'jumbo. Kanafika kali maliro. Aka kanali komaliza m'sitolo ku Limbe, ndiye ndinati fumbi ndiwe mwini.

Kondakitala wa minibasi anati zikwi khumi mpaka pa boma la Nsanje, tinamvana pa zisanu ndi zitatu. Mipando inali yokutidwa ndi pulasitiki, mdani wanga weniweni, choncho kachitini ndinakafumbata osakatsegula. Pa Ngabu tinaima nthawi yaitali kudikira anthu amene sankabwera. Mayi wina wadengu la masau, ataona kuti ndikungosisita kachitini, anandiyang'ana cham'mbali.

"Achimwene, ngati ndi zithumwa zoyendera, nenani titsike."

Ndinawafotokozera za timagetsi ta m'thupi. Anagwedeza mutu mwaulemu, n'kusendera kutali.

Pa Bangula minibasi inati yathera pompo, inatigulitsa kwa kalole konyamula matumba a mapira. Ndinadya mbuzi yootcha, yambiri inali mafupa. Kwa Tengani tayala linaphulika, tinakhala pansi pa mtengo kutsokomola fumbi, njinga zakapalasa zikutipitirira. Ndinatopa mpaka kuyamba kudana ndi wailesi zonse za m'dziko muno. Pa boma tinafika dzuwa litapendeka. Njinga yamoto inandigwedeza mpaka padooko, ndipo wopalasa bwato anandilonjera m'Chisena, n'kundiuza kuti ndisaviike dzanja m'madzi chifukwa ng'ona, eni ake a mtsinje, sizinadye.

Bambo aakulu ndinawapeza pakhonde, pampando wapulasitiki, atavala juzi yanayiloni ndi nsapato zalabala. Anali ataonda. Moni wanga anangouyankha ndi mutu. Koma atamva kachitini kakutseguka, anatambasula manja onse awiri.

"Bwera nako ndikaone."

Maso awo ndi zala, chilichonse cholowa pakhomopo amachiona pochigwira. Koma munthu atakhala tsiku lonse akudzikhula pampando wotere, ndi juzi yotere, chala chimodzi chikanatha kupha ulendo wanga wonse. Ndinati pepani bambo, aka sikagwiridwa. Manja aja anatsala m'malere pang'ono, kenako anabwerera pamaondo.

"Ndiye nawenso wandiyesa mwana."

A Fineti anandiyang'ana moipa, ndipo ine manyazi anandigwira. Kumana wamkulu chinthu m'nyumba mwake si kuleredwa kwathu. Ndinapempha ndowa yamadzi, ndinathira pabwalo, n'kukhoma khasu m'dothi lonyowalo. Kenako ndinagwada, ndinawapempha kuti andilole ndiwavule nsapato ndi juzi, akhale pamphasa, mapazi pamatope, dzanja limodzi pa chitsulo cha khasu. Ndinawauza kuti timagetsi tonse titsikira m'nthaka. Anang'ung'udza kuti chibadwire sanamvepo kuti ali ndi magetsi, akanadziwa akanasiya kugula mabatire. A Fineti anaseka, akuti aka kanali koyamba kuwamva akuchita nthabwala chizimire wailesi.

Ndinawaika kachipangizo pachikhatho. Anakasisita pamsana, n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono m'mbali mwa timiyendo. Anati kanthu kochepa chonchi kangatontholetse nyumba yonse, n'kundibwezera ndi manja awiri.

Ndinamanga waya pamkono wanga, mbali ina kukhasu, n'kukhala pansi wopanda nsapato. Magetsi kulibe kumeneko, ndiye chitsulo chowotcherera ndinachitenthetsa pambaula, ndipo chisanakhudze mwendo uliwonse ndinkayamba ndachigunditsa kukhasu. Udzudzu unandipeza manja ali otangwanika ndipo unadya mwaufulu. Dzuwa linkalowa pamene ndinkamaliza mwendo wotsiriza, msana ukuwawa, maso akuchita chidima. Sindinkadziwa ngati kachipangizoko kanali kamoyo, poti kakafa sikanena.

Ndinaika mabatire, n'kupereka wailesi kwa mwini wake kuti atsegule yekha. Inasokosera, kenako mawu a mayi wowerenga mauthenga anamveka bwinobwino. Bambo aakulu anaikumbatira pachifuwa.

Ndaphunzira zaka zambiri kuteteza tizipangizo ku manja a anthu. Tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kuiwala kuti manjawo nawo amapwetekedwa ukawabweza. Ndinayamba kuwafotokozera kuti azisamala chinyezi ndi mabatire otha, koma anakweza chala.

"Takhala chete, mwanawe. Ndili ndi alendo."