Mudzi wojambula ndi ufa wa mpunga

Kachitini ka ufa wa mpunga kankakhala kuseri kwa chitseko cha anti, mayi wa ku India amene tinayandikana naye nyumba ku Midland, mumzinda wa Perth ku Australia. Anali namwino mnzawo wa amayi kunyumba yosamalira okalamba. Sukulu itatsekera chaka chimenecho, amayi akapita kuntchito ankandisiya kwa iwo. Dzuwa la Perth la mu Januwale, abale inu, silinyengerera mwana: phula ankachita kunata ku patapata.

M'mawa uliwonse anti ankatsuka pakhomo, kutapa ufa ndi zala ziwiri, n'kujambula maluwa oyera pasimenti. Ankati nyerere nazonso zidye. Ine, ndi pakamwa panga posatsekapa, ndinawafunsa kuti kwawo n'kotani. Anagwada n'kuyamba kujambula.

Choyamba linali phiri lamiyala, komwe madzi amvula amatsikira. M'munsi mwake dziwe lalikulu lokumba ndi manja kalekale, lotchinga ndi khoma ladothi. Kenako ngalande, minda ya mpunga, mitengo ya kokonati, kachisi pakati pa nyumba. Zonsezo anazizunguliza mzere. Atatero anadumpha dziwe lija, n'kudontheza timadontho tochepa kunja kwa mzerewo.

"Kwathu ndi apa," anatero. "Koma dziweli anakumba ndi makolo anga."

Ankanena zimenezi atatukula chifuwa. Agogo awo aamuna ndiwo ankatsegula ndi kutseka ngalande, munda uliwonse nthawi yake, ndipo chaka chachilala palibe munda umene unauma wokha. Ndinaphunzira kujambula mudziwo mpaka ndinkaudziwa kuposa kwathu ku Dedza. Ndinkayenda monyada ngati dziwelo ndinakumba nawo.

Loweruka lina malume anabwera kuchokera kuntchito kwawo ku Kwinana, n'kundipeza nditagwada pakhomo pa anti, ufa uli m'manja.

"Iwe! Ufa pakhomo? Ukuthira nsembe kwa mizimu ya eni?"

Anafufuta mudzi wonse ndi jombo, anti akuona. Ndinalira ndi ukali. Lero sindiwada malume. Kwathu ufa wothira pansi uli ndi tanthauzo lake, ndipo iwo anaona zimene anakula nazo. Koma kufunsa kokha kunawakanika? Kunyumba analamula kuti ndisapondenso kwa anti, ngakhale madzi akumeneko ndisamwe. Mawu a malume si oseweretsa, iwo ndiwo mwini mbumba. Ndinadziwa kuti amayi akangovomera, basi, ine ndi anti tasiyana.

Amayi sanakangane nawo. Anangovala patapata, kundigwira dzanja, n'kukagogoda kwa anti. Malume anatitsatira mpaka pampanda. Anti anatsegula koma sanatilowetse. Anaima chammbali, maso pansi, ngati munthu wozolowera kuuzidwa pomwe ayenera kulekeza.

Amayi anapempha madzi akumwa. Anti anathamangira m'kati n'kubwera ndi botolo lakusitolo losatsegula, n'kuliika pansi kuti amayi atole okha.

"Ayi, achemwali," anatero amayi m'Chingerezi chawo chakuntchito, akuloza kapu yachitsulo imene anti ankamwera. "Ndipatseni a m'menemo."

Anamwa mosathamanga, milomo ili pakapu, kukhosi kukumveka gudyu gudyu. Otsalawo anandipatsa ine. Kenako anatembenukira kumpanda.

"Achimwene, mwanayu mawa ali konkuno."

Malume anangoti "Kaya zanu izo," n'kukaliza galimoto. Ine mtima unali mbee! Mpaka lero ndikakumbukira amayi ataima pakhomo paja, kapu ili m'manja, ndimanyadira kuti ndine mwana wawo.

Chimene chinandisokoneza ndi anti. Ndinkayembekeza kuti aseka, poti tinali titapambana. M'malo mwake analandira kapuyo ndi manja awiri, n'kukhala pansi pomwepo, misozi ili chuchuchu. Ndinaganiza kuti akulirira chithunzi chawo, ndiye ndinawalonjeza kuti mawa tijambula china. Sindinkadziwa kuti kumudzi kwawo, anthu a m'kati mwa mudzi ankamwa madzi a dziwe limene anakumba makolo a anti, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanamwera kapu imene anti agwira, poti anthu a kunja kwa mzere uja ankayesedwa odetsedwa.