Tsamba ndi langa, nambala ndi ya a Mbewe

Ndatukwanidwa pageti panga chifukwa cha tenti yomwe si yanga.

Ine ndimabwereketsa matenti ndi mipando ku Zingwangwa kuno. Chaka chatha anyamata a kaofesi kena m'tauni anandipangira webusayiti, tsamba la pa intaneti, kuti anthu azionapo katundu wanga n'kundiimbira. Lolemba m'mawa kunabwera mayi wina wa ku Chilobwe atamanga nsalu m'chiuno. Akuti tenti yomwe ndinawabwereketsa pachinkhoswe cha mwana wawo Loweruka lapitali inali yong'ambika, mvula inanyowetsa apongozi ndi mphatso zomwe. Ndinati mayi, ine sindikukudziwani, ndipo Loweruka matenti anga onse anali m'nyumba. Anatulutsa foni n'kundionetsa tsambalo. Dzina la bizinesi ndi langa. Zithunzi ndi zanga. Malo ndi ano. Koma nambala yoimbira si yanga.

Mpake! Miyezi yonseyi foni yanga ili zii, ine n'kumati anthu alibe ndalama.

Ndinakwera minibasi, kuofesiko n'kufika isanakwane naini. Wolandira alendo akuti a Mbewe, amene anapanga tsambalo, ali pamiting'i. Ndinakhala pabenchi. Cha m'ma leveni a Mbewewo anatulukira kuchokera kunja atanyamula tchipisi m'jumbo. Miting'i yake ya pachiwaya?

Akuti ndisade nkhawa, ndi kanthu kakang'ono. Akuti tsamba langa silinalembedwe lonse pamodzi ngati kalata. Munthu akalitsegula, kompyuta yosunga tsambalo, imene amati seva, imalumikiza zidutswa nthawi yomweyo. Pamwamba pake pali mzere umodzi, ati dayirekitivi, wouza sevayo fayilo yoti itengemo dzina ndi nambala. Mzerewo akuti unaloza fayilo ya kasitomala wina mwangozi.

Ndinawafunsa kuti, ngati fayiloyo ndi ya munthu wina, bwanji dzina lomwe likutuluka ndi langa? Ngozi yanji yosiya zonse n'kusankha nambala yokha? Akuti izi ndi zaukadaulo, sindingazimve. Ndinati chabwino, ndionetseni mzerewo ndiuone ndi maso anga. Akuti netiweki yavuta. Apo mnzawo pambali akuonera mpira palaputopu, osadukiza ngakhale pang'ono.

Ndili chikhalire pomwepo ndinalemba nambala ija pafoni ngati ndikufuna kutumiza ndalama, kuti dzina la mwini wake lituluke. Linatuluka. Mbewe.

Ndinawaonetsa. Anaseka kaye, kenako akuti, "Aa mayi, a Mbewe tilipo ambiritu m'Malawi muno."

Zoona, mulipo ambiri. Koma ndi a Mbewe angati amene amalowa m'tsamba langa n'kumalamula seva?

Pomwepo netiweki inachira yokha. Anagogoda pakompyuta pang'ono, n'kundiuza kuti ndionenso. Nambala yanga yabwerera. Ntchito yosatenga nthawi yophikira tiyi, koma miyezi yonseyi sanaione. Ndinapempha pasiwedi kuti ndipeze munthu wina aziyang'anira tsambalo. Akuti amasunga ndi bwana wamkulu, ndipo ali ku Lilongwe. Abwera liti? Sakudziwa. Nambala yawo? Saloledwa kupereka. Nambala yanga ndiye amasintha mmene afunira, koma ya abwana ndi yopatulika.

Sindinanene kuti munthu waba. Sindinamugwire dzanja. Koma ndikufuna mayankho. Mzerewo anausintha ndani, ndipo liti? Anthu amene ankaimba poganiza kuti akulankhula ndi ine ankayankhidwa ndi ndani? Nanga ndikagona lero, chingaletse n'chiyani kuti mawa mzerewo ulozenso kwina?

Ndawapatsa mpaka Lachisanu. Pasiwedi ikapanda kufika m'manja mwanga, ndikupita kupolisi, dzina la ofesiyo ndidzalilemba pompano.

Inu a makeke, a saluni, a magalimoto a ukwati, amene munapangitsa masamba n'kukhala phee: musamangosirira zithunzi. Bwerekani foni ya mnzanu lero lomwe, tsegulani tsamba lanu, imbani nambala yomwe ili pamenepo. Mumve amene ayankhe.